Mfundo ya pa Nzimbe za Fombe

Poyamba ndinayesa munthu akuthyola nkhuni kuseri kwa nyumba. Khwa. Kenako zii. Khwa, khwa. Koma nkhuni satafuna, ndipo chimene ndinkamvacho kunali kutafuna, kosafulumira, kwa chinthu chodziwa kuti palibe angachipirikitse. Kenako chinapumira m'mphuno, fuu, fungo la matope a mumtsinje n'kulowa m'ming'alu ya khoma.

Mwana wanga Zinya anali mtulo pambali panga, mutu wake utagunda khoma lomwelo. Ndinamukoka pang'onopang'ono n'kumugoneka pamimba panga, dzanja langa lili pafupi ndi pakamwa pake kuti akangoti alire ndimutseke.

"Dominga," apongozi anga ananong'ona kuchipinda chinacho. Pakati pathu pali bango lokha. "Usayatse nyale."

"Sindikuyatsa, amayi."

"Usatsokomole."

Inali mvuu, ndipo inadya mpaka tambala woyamba. Nthawi ina inatsamira khoma podzikanda, dothi n'kuyoyokera pamphasa, pamalo penipeni pamene panali mutu wa mwana. Sindinapemphere. Sindinalire. Ndinkangomvetsera nzimbe za mwamuna wanga zikutha imodziimodzi, n'kumaganiza zopanda pake, zoti kaya mumtsuko mwatsala madzi okwanira phala.

Apongozi angawo dzina lawo ndi Chanaze, koma kuno ku Nyamitete simungamve munthu akuwaitana choncho. Ndi amake Fombe basi. Ana anabereka angapo, wokula ndi Fombe yekhayo, amene anandikwatira ine.

Anabadwira pachilumba chimene lero kulibe. Zambezi ndi wotero: chaka chino akupatsa munda, chaka chamawa akulanda n'kukaupereka kwa a tsidya lina. Ku Nyamitete anafika ali kamtsikana, atasenza dengu la nyika, timizu todyedwa ta m'madzi, ndi nsomba zowamba kudzagulitsa padoko. Nthawi imeneyo, amatero iwo, tauniyi inali ndi misewu itatu yotsata mtsinje, sitolo za amwenye, chinyumba chosungira thonje, ndi anthu ochuluka moti mwana ukamutaya dzanja pamsika unkamufuna mpaka madzulo. Anakwatiwa ndi mwamuna wosenza mabelo a thonje kukweza m'ngalawa. Nkhondo itafika anathawa wapansi mpaka ku Nsanje, n'kukhala m'misasa kumeneko zaka zambiri. Fombe anabadwira komweko, bambo ake n'kumwalira komweko. Mtendere utabwera anabwerera awiri, mwana kumsana, n'kupeza nyumba yopanda denga, mkuyu utamera pakati pa chipinda chogona. Amati sanakhale pansi n'komwe. Anathyola tsamba la mgwalangwa n'kuyamba kusesa.

Msewu woyamba uja, wa sitolo, tsopano uli pansi pa madzi. Asodzi amaudziwa chifukwa maukonde amakodwa pamasitepe. Wachiwiri ndiwo gombe lathu la lero, ndipo chaka chilichonse limagumuka pang'ono, pena ndi chimbudzi cha munthu, pena ndi mtengo wa mango. Ife tili pa wachitatu. Kuseri kwathu kuli dambo, moti madzi akakwiya amatidzera kumaso ndi kumbuyo nthawi imodzi. Ukawoloka dambolo n'kuyenda mpaka thukuta litatsika kumsana ufika kumtunda, ku Bairo, kumene boma linagawira anthu malo chigumula chitatha. Sukulu imene ndinaphunzirako mpaka kalasi ya naini inapita kumeneko ndi malata ake. Namwino anapita. Belu la kutchalitchi linapita pangolo, kutsala makoma a njerwa ndi mileme. Ku Bairo n'kwamchenga ndi miyala, sikumera kanthu, choncho anthu amatsika m'mawa kudzalima madimba awo kuno, koma dzuwa likapendeka amakwera. Ukafuna kudziwa kuti ku Nyamitete kwatsala anthu angati, ima pachulu cha kutchalitchi madzulo uone utsi. Zala za m'manja zimakwana, zina n'kutsala.

Nyumba ikasiyidwa, chimayamba kufa ndi bwalo. Udzu umamera, ndipo mvuu imatsata udzu. Kale sizinkalowa m'tauni chifukwa munalibe choti zidye, bwalo lililonse linali losesedwa mpaka dothi kuwala. Anthu atayamba kukwera, apongozi anatenga khasu ndi tsache n'kuyamba kusamala mabwalo a anthu opitawo. Palibe anawatuma, palibe amawathokoza. Amadzuka mbandakucha, kulambula kwa uyu, kusesa kwa uyo, mpaka msewu wonse. Akafika panyumba yopanda chitseko amayamba aodira. "Odi kuno kwa amake Luwisi," kudikira pang'ono, n'kulowa. Amake Luwisi ali ku Bairo chaka chachiwiri tsopano.

"Bwalo losesa ndi mpanda," amatero apongozi. Ndipo sanama. Chilimwe chonse chathachi mvuu zinkathera kumadimba, sizinakwerepo kufika pamsewu wathu.

Chaka chino dzuwa laotcha zoopsa. Udzu wa m'gombe wauma, wina anthu atentha posaka mbewa. M'tauni monse, m'mabwalo onse oyera mbee aja, chobiriwira chinatsala chimodzi: nzimbe za Fombe, kuseri kwa khoma limene timagona ine ndi mwana.

Anazibzala yekha pamene timatayira madzi osamba. Tsiku limene madzi analowa m'tauni zinali zitayamba kukhwima. Ine ndinali ndi mimba ya Zinya, ndipo ndinkazilakalaka usana ndi usiku. Tisanakwere bwato iye anazungulira kuseri, madzi ali m'maondo, n'kumanga mfundo pamasamba a nzimbe yaitali kuposa zonse.

"Wakuba ali m'nyumba mommuno," anatero akuloza ine ndi mlomo. "Maso ake ndawaona. Asakhudze mpaka ndidzamasule ndekha."

Tonse tinaseka, ndi amayi ake omwe. Koma kuno mfundo yotere ndi mawu. Ukaimanga paudzu wofolera, pamunda, pamtengo woti udzaseme bwato, palibe amene angadule kufikira womangayo atamasula. Kudula mwini wake ali paulendo ndiye kuti wamuyesa wakufa.

Anatiwolotsa dambo, kutisiya pouma, n'kunena kuti abwerere akatenge mbuzi za amake Luwisi zimene zinakwera padenga la khola. Bwato lake analipeza patapita masiku, m'bango kumunsi kwa mtsinje, litagadabuzika. Iye ayi.

Madzi ataphwa, woyamba kutsika anali apongozi. Anakokolola matope m'nyumba ndi mbale, kuzira makoma, kusesa, kenako anakwera kudzanditenga ine ndi khanda, limene linabadwira m'tenti kumtundako. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse amapita padoko kukaona mabwato. Amalonda ochokera kumunsi amawadziwa. Wina anawauza kuti ku Marromeu anaona munthu wofanana ndi Fombe akudula nzimbe za kampani, wina kuti ku Chinde kuli munthu amene anavuulidwa ataiwala dzina lake. Sindikudziwa ngati amanena zoona kapena amangofuna kuti mayi wachikulire awachokere pamaso. Apongozi amabwera nazo nkhanizo kunyumba, kuzinena kamodzi tikudya, osazibwerezanso.

Tiyu Meke, msodzi, mng'ono wa malemu amuna awo, anadikira mpaka mwana atalimba khosi, kenako anabwera kudzakamba za mvunguti. Munthu akapita ndi madzi osapezeka timakadula chipatso cha mvunguti, chachitali ngati khanda, kuchikulunga m'malaya ake n'kuchiika m'manda. Anthu amalira, amameta, mkazi amamasulidwa, ndipo za malemuyo zimapeza ozigwira. Apongozi anakana.

"Mwana wanga si chipatso," anatero. "Nthawi ya nkhondo ndinaona ndi maso angawa munthu amene anamuikira mvunguti. Anatulukira patapita zaka, wamoyo, wailesi paphewa. Anapeza manda ake, mkazi wake ali ndi ana a wina. Anthu ankamupatukira pamsewu. Sanakhalitse, anafa kachiwiri, ndipo pamaliro achiwiriwo panalibe wolira, misozi anali atatha kale. Wanga akadzabwera adzapeza khomo lake, mkazi wake ndi nzimbe zake."

Ndiye ndili pano. Sindine mkazi wa munthu, sindine wamasiye. Malo athu ku Bairo alipo, akazi a Tiyu Meke amawayang'anira, koma apongozi akuti Fombe sadziwa khomo la kumeneko. Makolo anga anasamukira ku Mutarara. Ndikhoza kuwatsata mawa lomwe, koma zimene a kwa Fombe anapereka pondikwatira iwo analandira, ndipo mwana ndi wa kuno. Ndikapita ndipita kumsana kopanda kanthu.

Kutacha tinatuluka. Theka la nzimbe linali pansi, zina zitatafunidwa n'kulavulidwa, zina zitangopondedwa. Pakhoma panali mng'alu watsopano woti dzanja n'kulowa. Ndowe inali itamwazikira mpaka padenga la khitchini. Apongozi anayang'ana zonsezo, kenako anatenga tsache n'kuyamba kufufuta mapazi.

"Musasese kaye, alamu, ndimuone mlendo wanuyo."

Anali Tiyu Meke, akuchokera kovuula maukonde, nkhafi paphewa, nsomba zili pachingwe.

"Mwayamba kuweta ng'ombe za m'madzi osandiuza? Mkaka wake muzitigawirako."

"Kwangocha kumene, nipa, kachasu wanu uja, yayamba kale kulankhula."

"Nipa ikadali mtulo, alamu. Lero ndadzuka ndekha."

"Ndiye kudzagwa mvula."

Tiyu Meke anagwada n'kuika chikhatho m'phazi limodzi. Chinalowa chonse, malo n'kutsala. Anakwawa pang'ono n'kupeza lina pambali pake, laling'ono ngati mbale yodyera mwana. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Ili ndi mwana."

"Ndaona."

"Ndipo yalawa shuga. Usiku uno ibweranso."

"Ndikoleza moto. Ndikhala panja ndi chitini, ndiziimba."

"Mvuu ya mwana sithawa chitini, alamu. Imabwera kudzaona woimbayo." Anadzuka, akukutumula maondo. "Chikwanje changa ndanola dzulo. Dzuwa lisanafike pamutu ndikhala nditagwetsa zonsezi n'kukazitaya kugombe, ikadyere komweko ndi mwana wakeyo."

"Mfundoyo munamanga ndinu?"

"Alamu."

"Ndafunsa. Munamanga ndinu?"

Nzimbe yaitali ija inali chilili, mvuu sinaifikire. Mfundo inali pompo, pamasamba aawisi. Tiyu Meke anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

"Nzimbe za mwana wathuyu n'zodabwitsa," anatero. "Tsamba la chaka chatha mpaka lero silinaume."

Apongozi anapitiriza kusesa.

"Kwanga n'kwabango ngati kuno, ndikanati mubwere. Koma kutchalitchi kuli njerwa. Amake Zinya ndi mwana akagone kumeneko, inu muziimba chitini chanucho."

"Mdzukulu wanga sagona ndi mileme bambo ake ali ndi nyumba."

Tiyu Meke anamasula nsomba ziwiri pachingwe n'kuzisiya pamtondo.

"Ndili padoko, ndikusoka ukonde. Mukandifuna tumani munthu, musatume mvuu."

Chifukwa chimene tsambalo siliuma ine ndinkachidziwa. Bango la nyumba yathu lili ndi mipata, ndipo tulo ndinasiyana nato kalekale. Mfundo ya Fombe inauma mwezi womwe tinabwerera, tsamba n'kugwa monga amagwera masamba onse. M'mawa wake ndinaona apongozi atagadamiza mtondo, atakwerapo, akumanga ina pamasamba apamwamba. Kuyambira pamenepo tsamba likangoyamba kufiira amakweranso. Ndikanauza yani?

Titamwa phala anatenga khasu ndi tsache monga masiku onse. Nthawi zambiri ine ndimatsala, koma tsikulo sindinkafuna kuliona khoma lija. Ndinabereka Zinya n'kuwatsata.

Amayambira kumapeto kwa msewu, chakugombe, kwa amake Luwisi, n'kumasesa chobwerera kunyumba. Anaodira, kudikira, kulowa. Ali mkati molambula, mwini bwalo anatulukira panjira ya kudambo, khasu paphewa, akupita kudimba lake. Chichokere tsiku la mbuzi lija amake Luwisi salankhula ndi apongozi atawayang'ana kumaso. Amayang'ana tsache.

"Amake Fombe, mukusesabe nyumba ya abuluzi?"

"Nyumba yanu iyi."

"Yanga ili ndi chitseko, ili ku Bairo." Anaona mapazi a mvuu pabwalo lakelo n'kuima. "Izi n'za usiku wathawu?"

"Inangodutsa."

"Inkapita kuti?"

Amake Luwisi anatsata mapaziwo ndi maso, kenako anabwera kwa ine n'kuvundukula mutu wa Zinya.

"Chipumi cha bambo ake chenicheni." Anatsitsa mawu. "Malo anu aja ayamba kumera minga, mwanawe. Sindikunamiza kuti n'kwabwino. Madzi a pamjigo ndi amchere, sopo sachita thovu, ndipo pamzere timatukwanizana ngati ana a mitala. Nkhuni n'zosowa. Koma timagona tulo."

"Dimba likudikira," anatero apongozi osadzutsa mutu.

"Ndikupita, mayi. Ndikupita."

Tinapitirira kwa aphunzitsi, kumene kwatsala maziko okha. Kenako kwa telala, amene makina ake anakwera ku Bairo mkazi wake asanakwere. Apongozi akamalambula amatchula anthu. Pano pankagona banja lalikulu m'zipinda ziwiri, usiku ankabwereka mphasa kwa a nyumba iyo. Apa panali mayi wophika mabanzi amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi pokanda ufa. Uyu anapita ku Beira, uyu ku Bairo, uyu ali m'manda a pamsewu wachiwiri. Ankalankhula osandiyang'ana, mwina sankauza ine.

Mapazi a mvuu anali m'mabwalo onsewo. Sinaime pena paliponse, panalibe choimira. Inangoyenda mzere umodzi, mwana pambali, kuchokera kugombe kudutsa kwa amake Luwisi, kwa aphunzitsi, kwa telala. Apongozi ankafufuta phazi limodzilimodzi, ndipo pofufuta chomwecho tsache linkawatsogolera kumene mzerewo unkapita. Kuchokera pabwalo la telala nzimbe zathu zimaoneka bwinobwino pamwamba pa denga.

"Amayi."

"Ndikumva."

"Usiku uno ine sindigona m'nyumba muja."

"Ugona kuti?"

"Sindikudziwa."

Khasu linapitiriza. Kwe, kwe.

"Dothi linagwera pamene panali mutu wake," ndinatero. Mawu anga ankamveka ngati ndikunena kuti mchere watha.

"Ndinamva."

"Ndimakuonani mukamakwera pamtondo."

Khasu linaima. Ndinayembekeza kuti andikalipira, kapena anena kuti ndimalota. Anangopukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Ndikudziwa. Ukakhala maso umapuma mwamtundu wina." Anakhala pansi pakhonde la telala, chimene sindinawaonepo akuchita ntchito isanathe. "Ndinkati tsiku lina unena."

"Ine ndinkati tsiku lina musiya."

"Ndisiye, ndizidzukira chiyani?"

Zinya ankandikoka tsitsi. Kumtsinje kunkamveka Tiyu Meke akukangana ndi munthu za malo omangirira bwato, chikhalirecho padoko lonse pali mabwato atatu okha.

"Tsiku limene ndinabwera kuchokera ku Nsanje msewu wonsewu unali tchire," anatero apongozi. "Ndinasesa pakhomo panga pokha. Osakhalitsa amake Luwisi anafika, kuona bwalo loyera, anati kuno kuli anthu, n'kutula katundu. Kenako telala. Kenako aphunzitsi. Tauniyi inabwerera ndi tsache langa, zimene amanena anthu usamve. Ndinkati ibwereranso." Anakanda dothi limene linamata kukhasu. "Koma nthawi ija tinkathawa mfuti. Mfuti zimatopa."

Anayang'ana kumtsinje, kenako anadzuka n'kumaliza bwalo la telala mpaka m'makona.

Tinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Ndinatsitsa Zinya pakhonde kuti ndipale nsomba zija. Wayamba kuyenda chogwira makoma, ndipo sachita phokoso, anazolowera nyumba yolankhula monong'ona. Nditadzutsa mutu panalibe. Ndinazungulira nyumba mpeni uli m'manja.

Apongozi anali atafika kale. Zinya anali atakhala m'phazi lalikulu lija, limene Tiyu Meke analetsa kusesa, matako ake atakwana bwinobwino. M'manja anali ndi chidutswa chimene mvuu inatafuna n'kulavula, akuyamwa, madzi akutsika pachibwano. Apongozi anamulanda n'kuchiponya kutali. Mwana analira, kulira kwenikweni, kumene sindinamumvepo akulira masana.

Anagwada kuti amunyamule, ndipo pogwadapo maso awo analingana ndi mng'alu uja. Sanamunyamule. Anasuzumira mkati. Mphasa ndinali ndisanaikutumule. Kansalu kamene Zinya amatsamira kanali pamalo pake, dothi lili pamwamba, ndi chibuma chimodzi chachikulu ngati nkhonya ya mwamuna. Anakhala chogwada choncho mpaka mwana analeka kulira yekha.

"Kanditengere mtondo."

Ndinaugubuduza kuchokera kukhitchini n'kuugadamiza pansi pa nzimbe yaitali ija. Anakwera atagwira phewa langa. Ndinamva kupepuka kwawo, ngati mtolo wa bango louma.

"Mfundo amamasula ndi amene anamanga. Si choncho?"

"N'choncho, amayi."

"Ndiye palibe mlandu."

Anamasula. Sizinatenge nthawi. Tsamba linawongoka pang'ono, makwinya ali pomwepo.

Atatsika anandilanda mpeni wa nsomba, kuupukuta pansalu, n'kusankha nzimbe imodzi mwa zopondedwa zija imene mano a mvuu sanaikhudze. Anasenda, kudula kachidutswa, kupatsa Zinya.

"Idya. N'za bambo ako."

Anadula china n'kundipatsa ine.

"Iwe unkazifuna uli ndi mimba."

Ndinatafuna. Zinali zitakhwima mopitirira, zouma mkati, kutsekemera kwake kowawasira. Ndinameza madzi ochepawo n'kulavula zotsalazo m'dzanja. Iwo sanalawe.

"Pita padoko ukauze chidakwa chija chibwere ndi chikwanje. Asataye zonse kugombe. Zabwinozo amange mtolo, anthu adzatafune pamaliro."

Aka kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pawo. Ndinadikira kuti ndimve kanthu m'chifuwa. Sindinamve kanthu, koma ntchentche zimene zinkazungulira nsomba zija.

"Lero tigona kutchalitchi, ndi mileme," anapitiriza. "Utenge mphasa, uikutumule kaye. Malaya a mwamuna wako abuluu aja ali kuti?"

"M'thumba, pansi pa zovala zanga."

"Unachapa?"

"Ayi."

"Usachape."

Anakhala pamtondo paja, Zinya atatsamira mwendo wawo, akuyamwa nzimbe yake.

"Mvunguti wabwino uli kutsidya kwa dambo, panjira ya ku Bairo. Mawa tidula popita. Ndikasankha ndekha, wina asandisankhire mwana."

"Popita?"

"Popita."

"Nanga mabwalowa, amayi?"

"Eni ake akudziwa pamene ali. Tsache ndinyamula. Akuti kumeneko n'kwamchenga, mchenga nawonso amasesa."

Ndinamanga nsalu kuti ndinyamuke. Nditafika pakona ya nyumba anandiitana.

"Umuuzenso Meke kuti asavutike kukumba kuno. Manda a kuno ali pamsewu wachiwiri, mtsinje watsala pang'ono kuwafika. Tikamuika kumtunda. M'madzi wakhalamo mokwanira."